Adzathirira Ndani mu Okutobala?

Monga zimakhalira m'mizinda yambiri ya dziko lino la Mozambique, tsiku la mzinda likamayandikira, Lichinga amasamba. Misewu ya pakati imasesedwa, udzu umatchetchedwa, miyala ya m'mphepete mwa msewu ndi mathunthu a mitengo zimapakidwa laimu mpaka kuyera mbee. Pa 23 Sepitembala timakumbukira kuti mu 1962 Vila Cabral, dzina lakale la Lichinga, anakwezedwa kukhala mzinda, ndipo kukondwera si mlandu. Koma kodi laimu anachiritsapo mtengo? Wopaka uja, alipo amene anamuuza kuti ayang'ane ngati chiswe chalowa kunsi kwa khungwa? Nanga alendo akabwerera kwawo, ng'oma zikaleka kulira, Okutobala n'kulowa ndi dzuwa lake loswa mtengo, ndani amalawirira m'mamawa kukathirira maluwa?

Maganizo athu tiwanene poyera. Tikufuna kuti mabwalo akale a mzinda uno, kuyambira pa Praça dos Liberados mpaka ku timinda ta maluwa ta pakati pa misewu, pamodzi ndi mizere ya jakaranda ndi nkhalango ya paini imene imalonjera mlendo akamalowa mu Lichinga, zikonzedwe ndi kutetezedwa. Koma kukonza kumene tikunena si kwa thumba la simenti, chitini cha penti ndi riboni yoti bwana adule. Munda suli ngati nyumba yoti ukafolera denga ntchito yatha. Umamwa, umadwala, umakalamba, ndipo umafuna munthu tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake mafunso athu ambiri sakukhudza tsiku lotsegulira. Akukhudza zaka khumi za pambuyo pake.

Funso loyamba timalimva kawirikawiri kwa achinyamata ophunzira, ndipo si funso lopusa: tikonzerenji munda wa atsamunda? Lichinga si mzinda wakalekale. Ulamuliro wa Companhia do Niassa utatha mu 1929, Apwitikizi anafuna likulu latsopano pa mtunda wozizirawu, mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu 1931 anakhazikitsa Vila Cabral, n'kuitcha dzina la bwanamkubwa wa nthawiyo, José Cabral. Anajambula misewu yotakata, anasiya mabwalo, anabweretsa mitengo ya kutali: jakaranda wa ku South America, paini wa ku Mexico, bulugamu wa ku Australia. Sanachitire ife. Mwana wa dziko lino nthawi imeneyo ankayenda ndi chiphaso m'thumba, ankagwidwa chibalo, ndipo lamulo lomuika pansi pa mzungu linafafanizidwa mochedwa, mu 1961. Zonsezi n'zoona ndipo sitikupempha aliyense kuti aziiwale. Koma anakumba maenje ndani? Anasenza manyowa ndani, anatunga madzi ndani? Si Ayao, Anyanja ndi Amakua a kuno komwe, agogo athu? Ngati mthunzi umene anaulera ndi thukuta lawo sanaloledwe kupumamo mwaufulu, ife adzukulu awo tikausiya uwole tikulanga yani?

Amene anamenya nkhondo ya ufulu analiyankha kale funsoli ku Maputo. Munda waukulu wa pakati pa likulu unajambulidwa mu 1885 ndi katswiri wa minda wa ku Britain, Thomas Honney. Unkadziwika ndi dzina la Vasco da Gama, ndipo chipata chake chachikulu chinamangidwa mu 1924 pokumbukira zaka 400 chimwalirire munthuyo. Ufulu utabwera mu 1975, boma la Samora Machel silinagwetse chipatacho ndipo silinalikhe mitengo. Linapatsa mundawo dzina latsopano, Tunduru, pokumbukira malo a ku Tanzania, kutsidya kwa Rovuma, kumene Frelimo inkasungira ndi kuphunzitsa ana pa nthawi ya nkhondo. Ife a ku Niassa sitifunika wotilozera kumene kuli Tunduru. Ndi kuseri kwa malire athu. Ngati anthu amene anagona m'tchire zaka khumi anaona kuti munda wa mdani ungasanduke munda wa anthu, ife tikukana chiyani?

Komabe Tunduru yemweyo ali ndi phunziro lina, lowawa. Kusintha dzina sikunathirire mtengo ndi umodzi womwe. M'zaka za nkhondo yapachiweniweni ndi za umphawi umene unatsatira, mundawo unaguga. Nyumba yolereramo mbewu inawonongeka, tinjira tinakumbika, anthu anayamba kuulambalala. Panafunika ntchito yaikulu, imene inayamba mu 2013 n'kutha kumapeto kwa 2015, ndipo khonsolo ya Maputo siinaisenze yokha. Kampani ya njanji ya CFM, bungwe la boma loona za alendo ndi kampani ya migodi ya Vale zinaponyapo ndalama. Lero Loweruka akwati amapita kukajambulitsa zithunzi m'menemo, ana asukulu amakhala pansi pa mitengo yodzaza mileme, ogwira ntchito m'maofesi amakadyera chakudya chawo cha masana. Zinatheka, ndipo tikuyamikira. Koma taonani chimene chinachitika pambuyo pake. Vale, amene sitima zake za malasha zinkadutsa pa Cuamba m'chigawo chathu chomwe chino, anagulitsa mgodi wa Moatize ndi njanji ya ku Nacala mu 2022 n'kuchoka. Munda unatsala pomwepo, ukufunabe madzi ndi manja. Tsono amene akudikira kuti kudzabwera kampani kapena bungwe lakunja kudzatikonzera Lichinga atiuze: wothandizayo akadzamanga katundu wake, malipiro a wosamalira munda adzatuluka m'thumba mwa yani?

Anansi athu anadutsamo kale. Munda Wanga, ku Chilanga kumwera kwa Lusaka, unayambitsidwa ndi Ralph Sander m'zaka za m'ma 1950, unalowa m'manja mwa boma, unafota, mpaka bungwe lapadera linautenga kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 n'kuyamba kuudzutsa. Ku Zomba, munda umene Alexander Whyte anayambitsa mu 1891 m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi ulipobe, ngakhale likulu la Malawi linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Chimodzi mwa zimene zaugwiriziza n'chakuti mu 1987 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inakhazikitsa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lokhala ndi antchito ake, nazale zake ndi gawo lake m'bajeti ya boma. Ndalama zingachepe, koma munda uli ndi mwini wodziwika dzina. Nanga mabwalo a Lichinga mwini wake ndani? Tikati ndi khonsolo, imene kuno timaitcha munisipiyo, tikunena ofesi iti? Munthu uti, amene nzika ingamupeze pa mpando wake Lolemba m'mawa n'kumuuza kuti nthambi yathyoka?

Nzeru imeneyi si yobwereka. Yendani m'midzi ya ku Sanga, ku Lago kapena ku Ngauma. Ngakhale kumene nkhalango yapita ndi makala ndi minda, mudzaona kagulu ka mitengo italiitali katsala chiimire. Pamenepo ndi pamanda. Palibe waya, palibe mlonda, koma nkhwangwa siilowa, chifukwa aliyense akudziwa kuti a mfumu adzafunsa. Bwalo la pansi pa kachere, pamene milandu imakambidwa ndi ana amasewera, makolo athu anali nalo Mpwitikizi asanajambule msewu ndi umodzi womwe. Mthunzi wa anthu onse timaudziwa kusunga kwake. Chimene chasowa mumzinda ndi wofunsa uja.

Palinso mpata m'malamulo umene ambiri sitiuganizira. Lamulo la nambala 10/88, loteteza chuma cha mbiri ndi chikhalidwe, limaika pa chitetezo nyumba ndi zomangidwa zonse zimene zinamangidwa chisanafike chaka cha 1920. Ilha de Moçambique, Ibo ndi Maputo wakale amapindula nalo. Koma mzinda wathu unabadwa mu 1931. Mu Lichinga mulibe khoma, chipilala kapena mpando umene ukalamba wake wokha ungauteteze. Kuti malo athu atetezedwe payenera kukhala wina wowalemba m'kaundula ndi kuwapemphera chitetezo. Kaundulayo alipo? Ngati alipo, bwanji osamukhoma pa khoma la khonsolo kuti wodutsa aliyense awerenge? Ndipo popeza nthaka ya dziko lino ndi ya boma, munthu amangolandira DUAT, chilolezo choigwiritsa ntchito, chimene m'mizinda chimadzera ku khonsolo, ndani angatitsimikizire kuti ngodya ya bwalo siidzasainidwa mawa kukhala malo a baraka, a kontena ya zakumwa kapena omwetsera mafuta a galimoto? Munda wa mumzinda sufa tsiku limodzi, umadyedwa kuyambira m'mphepete. Lero pamabwera kashopu ka malata, amati n'ka kanthawi chabe. Chaka chamawa kamakhala ka njerwa. Chaka chinacho kamakhala ndi mpanda ndi geti lake. Kuyeza malire a bwalo lililonse, kuzika miyala m'ngodya zake ndi kusindikiza mapu ake ndi ntchito yotsika mtengo kuposa zonse zimene tatchula m'nkhani ino. Ikudikira chiyani?

Tsopano tifike pa madzi, pamene minda yambiri yokonzedwa bwino imafera. Mvula ya kuno si yochepa, imaposa mamilimita 1,000 pachaka, koma pafupifupi yonse imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala kumwamba kumatseka. Mzinda umamwa madzi a ku damu la Locumue, ndipo mayi wa ku Chiuaula kapena ku Namacula safunika kuuzidwa kulemera kwa chigubu m'chilimwe. Kodi pali amene angaime pamaso pa mayi ameneyu n'kumuuza kuti madzi a m'mpopi akupita ku kapinga? Sizingatheke, ndipo siziyenera kutheka. Munda umene ukumwa madzi akumwa a anthu udzadedwa ndi anthuwo, ndipo adzakhala akulondola. Choncho wojambula mapulani ayambe wayankha za madzi asanajambule ndi duwa limodzi lomwe.

Mayankho ake sali patali. Denga la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, likalandira mvula ya mamilimita 1,000, limatsitsa malita pafupifupi 200,000 pachaka. Madenga otere ndi angati pa nyumba za boma, masukulu, mabanki ndi nyumba zopemphereramo zimene zili pakati pa mzinda? Madzi akewo amapita kuti, ngati si m'ngalande, kukakumba zigwembe m'mabairo a kumunsi? Thanki yapansi yokolola madzi a padenga, kapena chitsime cha munda chokhachokha, ziyenera kubwera patsogolo pa mipando ndi nyali zokongola. Masamba amene timasesa n'kuwotcha, utsi n'kudzaza misewu m'mawa, akanakhala manyowa ndi zophimbira pansi pa mitengo kuti chinyezi chisathawe. Ndipo tivomereze kuti kapinga wobiriwira chaka chonse, wonga wa pa zithunzi za ku Lisboa, si wa nyengo yathu. Kapinga wamba amauma mu Ogasiti n'kudzuka yekha ndi mvula yoyamba. Munda wofiirira m'chilimwe si munda wakufa. Madzi ochepa amene alipo apite ku mbande za mitengo, zimene zimafuna kuthiriridwa zilimwe ziwiri kapena zitatu zoyamba, kenako zimadziyimira zokha.

Za mitengo yomweyi tikhalepo pang'ono, pakuti mtima wathu uli pamenepa. Mtengo uliwonse umene unabzalidwa ufulu usanabwere lero uli ndi zaka 50 kapena kuposa, ina yapitirira 80. Paini ndi bulugamu akakalamba amagwetsa nthambi zolemera. Jakaranda wosadzidwa mwankhanza ndi chikwanje, pofuna kulambulira mawaya a magetsi, amayamba kuwola kuchokera pabala pomwepo. Ndani amene amaiyendera mitengoyi umodzi umodzi, kuigogoda, kulemba kuti uwu uli bwino, uwu ukufuna kudulira, uwu wafika poti ugwetsedwe usanagwere munthu? Ina iyenera kudulidwadi, ndipo kunena zimenezi si kudana ndi munda. Funso ndi lakuti m'malo mwake mudzalowa chiyani, ndipo cholowacho chili kuti lero.

Sitikunena kuti jakaranda achotsedwe chifukwa ndi mlendo. Mibadwo ya ana a Lichinga yayenda pa maluwa ake popita kusukulu mu Sepitembala ndi Okutobala, anasanduka wathu. Koma zimatiwawa kuti mwana wobadwira m'likulu la chigawo chimene chili ndi nkhalango yotetezedwa yaikulu kuposa zonse m'dziko lino, yoposa masikweya kilomita 42,000, angafike ku sekondale asanaonepo mlombwa uli chiimire. Amaudziwa ngati chitseko, kapena ngati chipika pa lole yopita kudoko. Bwanji munda wa mzinda usakhale malo amene mwana ameneyu angakhudze khungwa la mbawa, la muwanga, la muula, la chitimbe, n'kutola suku pansi pa msuku mu Disembala? Bwanji pa mtengo uliwonse pasakhale kachikwangwani ka dzina lake m'Chiyao, m'Chinyanja, m'Chimakua ndi m'Chipwitikizi? Mayinawo akadali m'mitu ya agogo ndi ya asing'anga, ndipo mdzukulu wokulira m'tauni sakuwamvanso.

Mitengo yathuyi ili ndi makhalidwe ake, ndipo wosaidziwa imamukana. Njere za mbawa sizichedwa kufa, zimafuna kufesedwa zikangotoledwa. Mbande ya msuku imakula bwino ikalandira dothi lotapa pansi pa msuku waukulu, chifukwa mizu yake imakhalira limodzi ndi timaulusi ta bowa timene tili m'dothilo. Mombo umatha zaka ukuoneka ngati wakana, chonsecho ukuzika muzu pansi. Kontirakitala wa miyezi itatu sangadikire zonsezi. Adzagula zomera msanga, zooneka bwino pa chithunzi, ndipo zikamadzafota iye adzakhala atalandira kale ndalama zake. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo kwa munda wa mzinda poyambapo ndi pa nazale: malo a mthunzi, machubu, dothi losefa, ndi munthu wodziwa mwezi umene mtengo uliwonse umagwetsa njere. Akatswiri kuno sakusowa. Mu Lichinga momwe muno muli malo a kafukufuku wa zaulimi a bungwe la IIAM. Ku Unango kuli sukulu ya zaulimi ya Universidade Lúrio. Makampani a mitengo amene anabwera m'zaka za m'ma 2000, monga Chikweti ndi Green Resources, anaphunzitsa anthu ambiri a kuno ntchito ya m'nazale. Alipo amene anawaitanira anthu onsewa pa mkeka umodzi? Ophunzira amene amafuna malo ochitira maphunziro a m'munda chaka ndi chaka, bwanji asawerenge ndi kulemba mitengo ya mzinda wawo?

Tikukumbukira mfuu ya nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, yakuti wophunzira aliyense abzale mtengo ndipo mtsogoleri aliyense akhale ndi nkhalango yake. Mfundoyo inali yabwino. Koma tinazolowera kuwerenga mitengo pa tsiku lobzala. Ndani anabwerera patapita zaka zitatu kukawerenga imene inapulumuka ku mbuzi, ku moto wolusa ndi ku chiswe? Nambala imene tikufuna kumva kuchokera ku khonsolo ndi yachiwiriyi.

Zonsezi zikugwera pa munthu mmodzi amene sakhala pa mpando wakutsogolo pa zikondwerero: wosamalira munda. Ntchito yake timaipeputsa, timaiyesa ya aganyu oitanidwa mlendo wamkulu akamabwera. Chonsecho ndi luso lofuna zaka, monga ukalipentala kapena umakaniko. Kodi olima minda ya mzinda alipo angati olembedwa ntchito yokhazikika? Amalandira pa nthawi yake? Ali ndi khasu, chikwakwa, wilibala, kheni, macheka odulira nthambi, jombo, ndi kanyumba kotsekeramo zida? Pali mnyamata kapena mtsikana amene akuphunzira pambali pawo? Akadalipo madala amene anagwira ntchito m'minda ya boma ndi ya mishoni ufulu usanabwere kapena utangobwera kumene. Iwowa akudziwa pamene kanjira kankadutsa, pamene panali mpopi, mtengo umene unkaphuka koyamba. Kukonza munda wakale kumayamba ndi kudziwa mmene unalili, ndipo zimenezi zili m'zithunzi za m'masutikesi a mabanja, m'nkhokwe ya Arquivo Histórico ku Maputo, ndi m'kamwa mwa madalawa. Bungwe la ARPAC, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa mbiri ya anthu, lingawajambule mawu. Tidikira mpaka tidzamve uthenga wa maliro awo?

Ena adzati: misewu ya m'mabairo ndi matope okhaokha m'dzinja, zinyalala zikuunjikana, madzi akuvuta, inu mukukamba za maluwa? Madandaulo amenewa ndi athunso, ndipo sitikupempha kuti ndalama ya mpopi isanduke ya maluwa. Koma tiwerengere limodzi. Malipiro a olima munda khumi kwa chaka chathunthu, ndi mtengo wa galimoto imodzi yatsopano ya bwana, chachikulu n'chiti? Komanso amene amafuna bwalo la anthu onse si wolemera. Wolemera ali ndi kapinga wake kuseri kwa mpanda. Wofuna bwalo ndi banja la anthu asanu ndi awiri la m'zipinda ziwiri za lendi, wophunzira wosowa pokhala chete kuti awerenge, mnyamata wa njinga yamoto wodikira kasitomala padzuwa, mayi amene wachokera ku Majune kudzadwazika mwana ku chipatala cha chigawo ndipo alibe kopumira masana. M'mzinda wa Asilamu ndi Akhristu, wa zinenero zitatu kapena zinayi, malo ndi angati amene onsewa angakhale pa mpando umodzi popanda kugula kanthu?

Ndiye tifunse mosabisa: munda ukadzakonzedwa, adzalowamo ndani? Mpanda wotchinga mbuzi ndi wabwino. Geti lolipiritsa ayi. Tsiku limene padzaime munthu ndi buku la matikiti pakhomo, mundawo udzabwerera kwa ochepa, monga unalili mu 1950. Nanga mayi wogulitsa chimanga chootcha, mtedza ndi mandasi, amene amalipira tikiti ya khonsolo tsiku lililonse, adzathamangitsidwa kuti malo aoneke aukhondo? Ku Maputo, mu Parque dos Continuadores, osema ziboliboli, ogulitsa maluwa ndi ophika zakudya anapatsidwa malo awo okonzedwa bwino, otchedwa FEIMA. Ku Beira, paki ya m'mbali mwa mtsinje wa Chiveve, imene inatsegulidwa kumapeto kwa 2020 ndi thandizo la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi banki ya KfW ya ku Germany, inamangidwa ndi malo a malonda ndi odyera kuti lendi yake izithandiza kusamalira pakiyo. Njira imeneyi ingagwire ntchito kuno, pokhapokha zinthu ziwiri zitamveka bwino: malonda akhale pa ngodya imodzi yoyezedwa, yosakula, ndipo ndalama ya lendi isasakanizidwe ndi ndalama zina za khonsolo, iziwerengedwa poyera chaka ndi chaka. Apo ayi, malonda ndi amene adzameze munda.

Chimbudzi tisachiiwale. Munda wopanda chimbudzi umasanduka chimbudzi wokha, ndipo amayi ndi ana ndi amene amayamba kuuthawa. Nyali nazo: mu Juni kumada msanga, nkhungu n'kutsika, mtsikana wochokera kusukulu yamadzulo angadutsemo osathamanga?

Funso lina ndi lolemera kuposa onsewa, chifukwa likutiyang'ana ife eni nkhani ino. Mu 1997 mzinda uno unali ndi anthu pafupifupi 86,000. Mu 2007 anaposa 140,000, ndipo kalembera wa 2017 anapeza oposa 200,000. Njanji ya makilomita 262 yochokera ku Cuamba inatsegulidwanso mu 2016, misewu yalowa phula, anthu akubwerabe. Pakati pa mzinda, pamene pali mabwalo akalewa, panajambulidwira anthu ochepa kwambiri. Tikakonza pakati pokha n'kuiwala Sanjala, Massenger, Lulimile ndi mabairo atsopano amene akumera m'mphepete, kodi sitikhala tikujambulanso mapu omwe aja a atsamunda, mthunzi kwa a m'nyumba za simenti, fumbi kwa otsala? Pamene oyeza malo akudula mapuloti ku malo atsopano, amasiya bwalo? Bwalo la mpira limene ana anadzilambulira okha, lili pa mapu a khonsolo kapena likudikira wogula? Nkhalango ya paini ya m'mphepete mwa mzinda, imene nyumba zikuiyandikira chaka ndi chaka, malire ake ali pati? Kwa ife, chifukwa chachikulu chokonzera munda wakale n'chakuti ukhale mayi wa minda ina: nazale yake izipereka mbande ku sukulu iliyonse, ku msika uliwonse, ku bwalo la bairo iliyonse, ndipo olima ake azipita kukaphunzitsa kumeneko. Mu 2031 Lichinga adzakwanitsa zaka 100 chikhazikitsidwire. Mtengo wa mbawa wobzalidwa ndi mvula ikubwerayi udzakhala utapitirira mutu wa munthu pofika chaka chimenecho. Wobzalidwa sabata la chikondwererocho udzakhala kamtengo kofika m'bondo, kotchingidwa ndi minga.

Kuyambira 1998 timasankha tokha otiyendetsera mzinda, ndipo misonkhano ya Assembleia Municipal, imene imavomereza mapulani ndi bajeti ya chaka, lamulo limati ndi yapoyera. Ku Dondo, m'chigawo cha Sofala, anthu a m'mabairo anayamba kalekale kukhala nawo pokonza bajeti ya mzinda wawo. Chotiletsa ife n'chiyani? Tikupempha a mfumu, masekeletale a mabairo, mashehe, abusa ndi ansembe, aphunzitsi ndi amayi a m'misika kuti pa msonkhano wa bajeti ukubwerawu adzakhalepo, ndipo adzakhale atanyamula mafunso. Inu mamembala a Assembleia, amene tinakutumani: ndi pa tsamba liti la bajeti pamene palembedwa malipiro a olima minda, ndipo ndi angati? Nazale ya mzinda yapatsidwa ndalama zingati? Mapu a mabwalo otetezedwa, a pakati ndi a m'mabairo, adzakhomedwa pa khoma mwezi uti?